Maliro a Asibweni Anga, Amene Mpingo Unakana Kuwaimbira

Asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anamwalira chaka chatha ndili Fomu 2. Ankagwira ntchito yonyamula katundu pa doko, ndipo tsiku limenelo sitima inali itabwera. Anzawo anatiuza kuti anatula thumba la chimanga, nakhala pansi ngati akufuna kupuma, osadzukanso. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale.

Aneba athu ndiwo anadzanditenga kusukulu. Panjira sindinalire, chifukwa ndimachita manyazi kulira anthu akundiona. Madzulo ake ndinatsegula kope limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo chimene ndinatha kulemba ndi funso limodzi lokha: kodi adzawaimbira?

Munthu amene sanakulire mu mpingo ngati wathu sangamve kulemera kwa funso limeneli. Kwathu mkhristu wodya mgonero akamwalira, mpingo umamutenga kuchokera pakhomo pake mpaka kumanda. Amayi a mpingo amavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, nakhala m'nyumba ya siwa kuimba mosinthana. Abusa kapena mkulu wa mpingo amalalikira. Panjira ya kumanda nyimbo sizileka. Koma munthu akamwalira ali pa chilango, atachotsedwa pa mgonero, akhristu amabwera ngati anansi chabe. Yunifomu savala, ulaliki sukhalapo, ndipo nyimbo ya mpingo siimbidwa ngakhale imodzi. Amene waphwanya lamuloli nayenso amaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo.

Asibweni anali pa chilango. Ndili wamng'ono anapita ku ukwati wa kutchalitchi ataledzera, namenya munthu pakhomo penipeni. Akulu anawachotsa pa mgonero, iwo nakwiya, nasiya kupemphera kwa zaka zambiri. Koma chaka chawo chomaliza anali atasintha. Mowa anausiya. Anayamba ndi kuima panja, pafupi ndi zenera la mbali ya abambo, nthawi ya nyimbo yokha, ulaliki ukayamba n'kuchoka. Patapita nthawi anayamba kulowa. Kenako analowa kalasi ya obwerera, imene anthu a pa chilango amaphunziramo asanalandiridwenso. Chinatsala n'chakuti bwalo likhale, liwafunse mafunso, liwabwezere pa mgonero. Bwalolo linali loti likhale mwezi wotsatira.

Chimene chinalimbitsa nkhaniyi ndi udindo wa amayi anga. Tchalitchi chathu chilibe limba. Nambala ya nyimbo ikalengezedwa, anthu onse amadikira munthu mmodzi kuti ayambe, apereke mawu oyenera, iwo n'kulowa pambuyo pake. Munthu ameneyo anali amayi. Mkati mwa sabata amagulitsa usipa wouma mumsika, ndipo poitanira ogula mawu awo samveka patali. Koma akaimirira m'tchalitchi mawuwo amakula mpaka kufika kubenchi la kumapeto. Pa maliro ambiri m'tauni muno, nyimbo yoyamba ndi yomaliza anayambitsa ndi iwo.

M'mawa wa tsiku lotsatira amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze. Abusa athu anali atapita ku mipingo ing'onoing'ono ya kumpoto, m'mbali mwa nyanja, kumene anthu amafikako pa boti ndipo foni imalowa mwa apo ndi apo. Udindo unatsalira kwa mkulu wina wa mpingo, bambo wochokera ku Mzuzu amene ali ndi shopu ya malata ndi misomali pafupi ndi siteji ya maminibasi. Chitonga amamva koma sachiyankhula bwino, choncho ndi amayi amayankhulana Chichewa.

"Odi, adada," amayi anatero tili pakhomo.

"Lowani, mama. Tamva. Pepani chomene."

"Yewo," amayi anathokoza.

Anawapatsa amayi mpando. Ine ndinakhala pa chitini cha penti, ndikuyang'ana pansi.

"Ndabwera ndi nkhani ya mlongo wanga. Tikuika mawa."

"Ndikudziwa chimene mwabwerera."

"Ndiye musandivutitse kuti ndichinene."

Mkuluyo anatenga foni, naimbira abusa ife tikuona. Anakweza mawu ake kuti timve tokha. Foni sinalowe. Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi.

"Kuyambira dzulo ndikuyesa," anatero.

"Kalasi ankabwera, adada. Munkawaphunzitsa ndinu."

"Ankabwera. Ngakhale tsiku la mvula ankafika ali chinyowere. Sindikukana."

"Nanga tsono?"

"Bwalo silinakhale, mama. Ine ndekha sindine bwalo."

"Ndiye imfa nayo izidikira bwalo?"

Munalowa munthu wofuna misomali, mkuluyo namuuza kuti abwerenso. Munthuyo atatuluka, mkuluyo anatseka chitseko pang'ono.

"Mukumukumbukira mnyamata uja woyendetsa minibasi, anamwalira chaka chatha? Nayenso anali m'kalasi. Mayi ake anagwada pomwe wakhala mwana wanupo. Ndinawakaniza. Ndikavomera lero, ndikawauza chiyani mayi amenewo? Kuti mwana wawo analakwa kusakhala ndi mlongo woimba bwino?"

Ku maliro amenewo amayi anapitako, atavala chitenje wamba, ndipo sanaimbe. Ndinawaona akupinda ngodya ya chitenje chawo ndi kuitambasula.

"Mawa ndidzabwera," mkuluyo anapitiriza. "Ndidzapemphera pemphero lalifupi kumanda, ngati mnansi. Limenelo palibe angandiletse. Koma nyimbo, mama, chonde. Amayi onse aja amayang'ana pakamwa panu. Mukayamba adzakutsatirani, ndipo ku bwalo simudzapitako nokha."

Pobwerera tinakwera mtunda. Titayandikira kunyumba ya asibweni, amayi anaima kuti apume.

"Usawauze alamu anga zimene wamva. Ndikawauza ndekha."

Koma panalibe chowauza. Akazi awo a asibweni, amene ine ndimawaitana anti, anali ataona kale ndi maso. Amayi a mpingo anali atafika ambiri ndithu, onse m'zitenje wamba. Mmodzi, amene amaimba moyandikana ndi amayi m'tchalitchi, anabwera ndi yunifomu yake mu jumbo poganiza kuti mwina chilolezo chipezeka. Anawayang'ana amayi, amayi napukusa mutu, iye naika jumboyo kumbuyo kwake.

Tsiku limenelo ndinaphunzira ntchito ya nyimbo pa maliro. Kale ndinkayesa kuti timaimba pofuna kulemekeza womwalirayo basi. Koma ndinakumbukira mmene zimakhalira m'siwa zina. Wamasiye akalira mpaka mpweya kuyamba kumuthera, amayi anga amayambitsa nyimbo pansipansi, ena n'kulowa, kulira kuja n'kumira m'nyimbomo. Wolirayo amapeza mpata wotsamira pa mnzake ndi kumwa madzi, popanda wina kunena kuti wasiya kulira mwamuna wake. M'nyumba ya asibweni munalibe wowalandira anti ndi nyimbo. Analira, nalira, mawu n'kusasa. Akatopa m'nyumba munkangoti zii, anthu ochuluka chonchija, ndipo bata limenelo linkawakakamiza kuyambanso.

Masana anti anasiya kulira, natembenukira kwa amayi.

"Mlamu, pakhosi pakupweteka lero?"

"Ayi, mlamu."

"Ndimayesa chimfine. Pa maliro a mwini bekari uja munaimba mpaka mawu kutha, munthu woti simunadyepo naye mbale imodzi. Uyu munayamwa naye bere limodzi."

"Mlamu, lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Ndani ankaliopa lamulo lanulo kuposa amene wagona apoyo? Sopo wanga watha ndi kuchapa shati yake ya Lamulungu."

Amayi ena anayamba kuwatonthoza anti, koma palibe anawatsutsa. Amayi anga anadzuka natuluka, ine pambuyo pawo. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panali anzawo a asibweni a ku doko. Mmodzi wa iwo, wamkulu msinkhu, anavula kapu yake.

"Asisi, tamva kuti a kwanu akana. Tikawaitane ajawa a tchalitchi cha masipika? Amenewo amaimbira aliyense, ngakhale mbuzi ikafa bwino."

Ena anaseka pang'ono, nasiya msanga.

"Yewo, achimwene," amayi anayankha. "Koma mlongo wanga sanaime pa zenera la a masipika."

Tinaika maliro tsiku lotsatira dzuwa litakwera. Kunkatentha kwambiri. Njira ya kumanda imakwera pakati pa minda ya chinangwa, ndipo ndi yopapatiza moti onyamula bokosi amayenda mosamala. Pa maliro ena nyimbo ndiyo imawagwirizanitsa mapazi. Tsiku limeneli ndinkamva kupuma kwa onyamulawo, timiyala tikugubuduka, ndi mawu a wina akuti, "Tsitsani kumbuyoko, tsitsani." Ndinkamva ngakhale hutala ya minibasi kutali kusiteji. Anthu amene tinkawadutsa m'makomo mwawo ankaima mwaulemu, koma ndinkaona kuti akudziwa tanthauzo la gulu loyenda chete chonchi. Ndinachita manyazi m'malo mwa asibweni, kenako ndinachita manyazi chifukwa chochita manyazi.

Amayi ankayenda pafupi ndi ine. Milomo yawo anaitseka molimba. Nthawi ina ndinaona akukoka mpweya monga amachitira akafuna kuyambitsa nyimbo, mapewa n'kukwera. Koma anautulutsa mpweyawo popanda mawu. Sindinkadziwa chimene ndinkafuna. Ndinkafuna asibweni aimbiridwe. Ndinkaopanso kuona amayi atalandidwa malo amene anali moyo wawo kuyambira ndisanabadwe.

Kumanda mkulu wa mpingo uja anasunga lonjezo lake. Anapemphera mwachidule, chipewa chili m'manja, ndipo sanatchule za chilango. Anatsitsa bokosi. Achibale tinaponya dothi ndi manja, kenako okumba manda anatenga mafosholo.

Ndinali nditapitapo ku maliro ena, koma ndinali ndisanamvepo mmene dothi limalirira likagwera pa bokosi. Nthawi zonse nyimbo inkabisa phokosolo. Fosholo yoyamba itakhuthula dothi, bokosi linalira ngati chitseko cha nyumba yopanda anthu. Anti anagwira makutu awo. Fosholo yachiwiri inatsatira.

Pamenepo amayi anayamba.

Anasankha nyimbo ya Chitonga imene asibweni ankaikonda, ija ili ndi malo amene abambo amatsika okha ndi mawu a besi. Mawu awo anatuluka onjenjemera, osati monga a m'tchalitchi. Anaimba mzere woyamba okha. Palibe analowa. Okumba manda anaima, mafosholo ali m'manja. Mayi wa jumbo uja anayang'ana mkulu wa mpingo, amayi ena nayang'ana mayi wa jumbo, mkuluyo akuyang'ana m'chipewa chake. Amayi anaimba mzere wachiwiri, ali okhabe. Ndinaganiza kuti aimba ndime yonse okha pamaso pa khamu lonselo, kuti alangidwa ndipo mlongo wawo akhalabe osaimbiridwa ndi mpingo. Munthu mmodzi si mpingo.

Amene analowa poyamba anali anti. Saimba bwino, ndipo mawu anali atawathera, koma analowa. Kenako kumbuyo kunamveka besi. Anali anzawo a asibweni a ku doko, anthu amene sindinawaonepo m'tchalitchi. Ena mwa iwo anaphunzira nyimboyo ali ana ku Sande Sukulu ndipo inali ikadali mwa iwo. Amene sankadziwa mawu ankangotsata kayendedwe kake. Pofika pamene abambo amatsika okha, anatsika ndithu.

Amayi a mpingo analowa mmodzimmodzi. Si onse. Ena anakhala chete mpaka kumapeto, ataweramitsa mitu, ndipo sindiwaimba mlandu. Inenso ndinaimba, pansipansi, monga ndimaimbira nthawi zonse. Okumba manda anayambanso ntchito yawo, koma dothi silinamvekenso. Anti anachotsa manja m'makutu natsamira pa phewa la amayi.

Mkulu wa mpingo sanaimbe, komanso sanaletse. Anaima pomwepo mpaka ndime yomaliza. Anthu atayamba kutsika anabwera kwa amayi.

"Pepani, mama. Abusa akabwera ndiyenera kukanena."

"Mukanene, adada. Mukanenenso kuti ndinayamba ndine. Enawo anangondimvera chisoni."

Masabata otsatira anali ovuta kuposa tsiku la malirolo. Abusa anabwera, ndipo tinauzidwa kuti nkhani ya amayi idzakambidwa ku bwalo lomwe lija likanalandira asibweni. Podikira, amayi anapitiriza kugulitsa usipa. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukakhala nawo kumsika. Amayi ena a mpingo ankadutsa ngati sanatione, poopa kuti adzatchulidwa nawo. Ena ankabwera kudzagula usipa umene sankaufuna, n'kuwagwira amayi dzanja.

Tsiku lina panabwera mayi wina wamtali, wowonda, amene sindinamuzindikire mpaka ndinaona nkhope ya amayi ikusintha. Anali mayi a mnyamata wa minibasi uja. Anaima patsogolo pa benchi lathu, osagwira kanthu.

"Ndamva kuti munaimba."

"Ndinaimba."

"Nyimbo yonse?"

"Yonse."

"Wanga uja munalipo. Munakhala pafupi ndi ine."

Amayi anangoti, "Pepani, mama."

Mayiyo anaima kwa kanthawi akuyang'ana milu ya usipa. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo mwina zikanakhala zopepukirako. Koma anangomanga bwino chitenje chake n'kumapita. Amayi sanagulitsenso tsiku limenelo. Anandiuza kuti ndilongedze, tinapita kunyumba dzuwa likadali m'mwamba.

Bwalo linakhala Loweruka masana. Ine ndinadikira panja, pa khonde la kalasi ya Sande Sukulu, pamene ndinkatha kuona chitseko koma osamva zokambidwa. Ndinatenga buku la Bayoloje kuti ndiziwerenga, koma tsamba silinatembenuzidwe. Nthawi ina mawu anakwera mkatimo, a abambo okhaokha, kenako anatsika. Anawatulutsa amayi kuti akulu akambirane okha. Amayi sanabwere pamene ndinali. Anaima pafupi ndi chitseko, manja atawapinda kutsogolo, mpaka anawaitananso.

Atatuluka komaliza anandikodola, tinayamba ulendo wa kunyumba. Ndinaopa kufunsa. Anandiuza okha titadutsa msika.

"Yunifomu ndiisiye, mgonero ukubwerawu ndisadye, nyimbo ayambitse wina. Mpaka mgonero winawo, ndiye adzaonanso."

"Nanga enawo?"

"Enawo ayi. Ndinawauza kuti mlandu ndi wanga. Adada a shopu aja anandichitira umboni."

"Anakuikirani kumbuyo?"

"Ananena zimene anaona. Anafunsanso bwalo kuti munthu wa m'kalasi akamwalira tizitani. Apo ndiye anakangana."

"Ndiye agwirizana chiyani?"

"Sanagwirizane. Akuti nkhaniyo ndi yaikulu, ipite kwa akuluakulu."

Tinayenda pang'ono. Ndinkaganiza za Lamulungu lotsatira, amayi atakhala pakati pa anthu m'chitenje wamba, maso onse ali pa iwo, wina akuyambitsa nyimbo m'malo mwawo. Zinachitikadi choncho mawa lake, ndi Malamulungu ambiri pambuyo pake, ndipo amayi sanajombe ngakhale kamodzi. Koma pamseu paja ndinali ndisanadziwe kuti adzapirira. Ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene linkandivuta kuyambira kumanda.

"Amama, mukudandaula kuti munaimba?"

Amayi anasintha dzanja limene ananyamulira Baibulo lawo. Tinali titafika poyambira mtunda wa kwathu.

"Ndikudandaula kuti ndinachedwa," anatero. "Mtunda wonse uja wa kumanda mlongo wanga anakwera popanda nyimbo."